Kobiri loboola pakati ndi mendulo ya m'chitini

Ndakhala chete kwa masabata angapo. Mukudziwa kale mmene zimakhalira teremu ikamatha: mapepala a mayeso aunjikana pa tebulo, cholembera chofiira chatha inki, magetsi nawo akubwera munthu utagona. Koma masiku apitawa kunachitika kanthu kamene kandikhala pamtima, ndiye ndati ndilembe ndisanaiwale, pakuti ndikukhulupirira kuti zomwezi zikuchitikanso m'midzi ina kuno ku Neno.

Loweruka lina m'mawa ndikutsuka njinga panja, kunafika mnyamata amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo. Pano amayendetsa njinga yamoto, kunyamula anthu kuchokera pa Boma kupita ku Ligowe ndi kumtunda kwa Dambe. Anatsika, nkuvula chipewa, nkutulutsa m'jekete chitini chakale cha tiyi, chadzimbiri, chomanga ndi mphira.

"Aphunzitsi, agogo andituma kuti mutionereko katunduyu. Akuti muli mamiliyoni umu."

Nkhani yake inali yakuti tsiku la msika kunabwera bambo wina wovala bwino, wonena kuti wachokera ku Blantyre. Ankafunsa m'makomo ngati alipo amene anasunga kobiri loboola pakati, lija la njovu ziwiri. Akuti azungu akulifuna kwambiri, ndipo likapezeka lenileni, limodzi lokha munthu akhoza kumangira nyumba ya malata ndi kugulira galimoto. Koma kuti adziwe lenileni, ayenera kukaliyeza pa makina ku tauni. Agogo atamuonetsa chitini chawo, bamboyo anati makinawo amafuna ndalama zonse pamodzi, choncho atenge chitini chonse, asiye K20,000 ngati chikole, adzabwera ndi zotsala sabata yamawa. Agogo anakana. Anati ayambe aona kaye aphunzitsi aja amasunga makobiri.

Inde, amene munadutsa m'manja mwanga mukudziwa kuti kamatenda kameneka ndili nako. Ena a inu munkandiseka ndikamatola 1 tambala pa bwalo la sukulu.

Tinakhuthulira zonse pa mphasa. Munali makobiri oboola 11, timakobiri tiwiri tating'onoko ta akadyansonga, matiki angapo, sheleni ya 1964, ndalama zingapo za Apwitikizi za ku Mozambique, ndalama imodzi yaikulu yakuda bii, ndi kanthu kena kokulunga m'kansanza. Ndinamufunsa mnyamatayo kuti bambo uja anati chiyani ataona ziwiri zomalizazi. Anati sanazilabadire nkomwe, anangozikankhira pambali nkumati izi nzachabechabe, chofunika ndi kobiri loboola. Pamenepo mpamene ndinadziwa kuti bamboyo ntchito yake amaidziwa bwino.

Tiyambe ndi kobiri lotchukalo. Ndi peni ya nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 nkutha pa 31 December 1963. Makobiri amenewa anayamba kusulidwa mu 1955. Ndi amkuwa wosakaniza, mulibe siliva, mulibe golide, mulibe mankhwala achinsinsi alionse. Mbali imodzi kuli njovu ziwiri zoima moyang'anizana, bowo lili pakati pawo. Bowolo silodabwitsa: anthu ankawatunga pa chingwe, ndipo ngakhale mapeni a Southern Rhodesia amene ankayenda kuno chitaganya chisanabwere analinso oboola. Chachikulu nchakuti anasulidwa mamiliyoni ambirimbiri, okwanira maiko atatu. Lero lino ali m'zitini za agogo kuyambira ku Nsanje mpaka ku Kitwe ndi ku Bulawayo. Amene amagulitsa ndalama zakale kunja amawagulitsa motchipa, nthawi zina mongowunjika m'thumba. Chinthu chimene chili m'nyumba iliyonse sichingagule nyumba. Ndikunena izi mosapsatira chifukwa ndamvapo za achinyamata amene anagulitsa mbuzi kuti alipire "ndalama yoyezera", ena mpaka kukagula kobiri kwa mnzawo pa mtengo wokwera poganiza kuti akaligulitsa mamiliyoni. Makina oyezerawo palibe amene anawaonapo. Mzungu wogulayo naye nthawi zonse amakhala kuti wangonyamuka kumene dzulo.

Ndalama yaikulu yakuda ija ndi ina. Ndi ya masheleni 5, imene ankaitcha crown, ya Southern Rhodesia, ya chaka cha 1953. Inapangidwa pokumbukira kuti patha zaka 100 chibadwire Cecil Rhodes. Mbali imodzi kuli Mfumukazi Elizabeth ali mtsikana, mbali inayo kuli nkhope ya Rhodes, ndipo pansi pake pali zishango zitatu za maiko atatu aja. Cha Nyasaland ndi chija chili ndi nyalugwe ataima pa thanthwe, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake. Imalemera magalamu 28 ndi pang'ono, ndipo theka lake ndi siliva weniweni. Inu a masamu mwawerengera kale: siliva wa magalamu 14. Siliva amagulitsidwa pa muyeso wa ounce, umene ndi magalamu 31.1, ndiye ndalamayi ili ndi siliva wosakwana theka la muyesowo. Mtengo wa siliva umasintha tsiku ndi tsiku, koma ndalama imodzi yokhayi ikuposa K20,000 ija bambo uja ankafuna kusiya pa chitini chonse. Ku miliyoni sikufika ngakhale pafupi. Kuda kwakeko ndi umboni wabwino, siliva akakhalitsa amada choncho.

Tsono tinamasula kansanza kaja. Munali mendulo yasiliva, nsalu yake yopachikira inatha kalekale. Kutsogolo kuli mutu wa Mfumu George V, kumbuyo kuli munthu wokwera pa hatchi ndi zaka ziwiri, 1914 ndi 1918. Imeneyi ndi British War Medal, imene inaperekedwa kwa amene anamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Zinapangidwa zoposa 6 miliyoni, choncho nayonso siyosowa. Koma ili ndi chinthu chimodzi chimene kobiri lilibe. Ndinamuuza mnyamatayo kuti ayatse tochi ya pa foni, ayang'ane m'mphepete mwake, muja moonda. Anayang'ana, nkukhala chete, kenako nkuyamba kuwerenga pang'onopang'ono. Nambala. Udindo. Dzina. Ndi zilembo zitatu, K.A.R.

"Aphunzitsi, ili ndi dzina la bambo awo a agogo."

Analemba molakwika pang'ono, monga ankachitira makalaliki a nthawi imeneyo ndi maina athu, koma linali lomwelo. Mawa lake titaweruka ku tchalitchi ndinakwera naye njinga kupita kwa agogowo. Ndi mayi wa zaka zopitirira 80, maso ayamba kuchita chifunga, sukulu sanapiteko. Mendulo imeneyi akhala nayo chimwalirire bambo awo, ndipo zaka zonsezi sankadziwa kuti m'mphepetemo muli dzina. Ankangoti ndi ndalama ya nkhondo ya bambo. Mdzukulu wawo atawawerengera, anaitenga, nkuyendetsa chala m'mphepetemo kangapo konse. Kenako anayamba kusimba zimene bambo awo ankanena usiku pa moto: za kuyenda wapansi miyezi, za njala, za anzawo amene anawasiya m'tchire osawaika. Mdzukuluyo, amene anakhoza bwino ndithu phunziro langa pa mayeso a MSCE, anali asanamvepo ngakhale chimodzi mwa zimenezi. Ine amene ndinamuphunzitsa za nkhondo ya ku Karonga ya mu September 1914 sindinadziwenso kuti m'kalasi mwanga muli mdzukulutuvi wa msilikali wa King's African Rifles.

Zimenezi zandichititsa manyazi pang'ono, ndipo zandichititsanso kuganiza za kamatenda kanga kaja.

Kwa zaka zambiri chimene ndakhala ndikulakalaka si makobiri okutha a m'zitini. Ndakhala ndikulakalaka seti ya 1964. Dziko litalandira ufulu pa 6 July 1964, linatulutsa ndalama zake zachitsulo zoyamba, zinayi: sikisi ya tambala, sheleni ya chikonyo cha chimanga, ya masheleni awiri ya njovu, ndi half crown ya chizindikiro cha dziko. Zonse zili ndi nkhope ya Dr Kamuzu Banda. Kupatula zimene zinalowa m'misika, fakitale yosula ndalama ya ku Britain, Royal Mint, inapanganso zina zapadera, zosulidwa mosamala kwambiri mpaka kumawala ngati kalilole, nkuziika zinayi pamodzi m'kabokosi. Zotere sazigwira ndi chala, chifukwa thukuta lokha limasiya chidindo chosachoka. Mu 1966, dziko litakhala lipabuliki, kunatulukanso crown ya chikumbutso. Mu 1974 kunatuluka K10 yasiliva yokumbukira zaka 10 za ufulu, mu 1975 ina yokumbukira zaka 10 za Reserve Bank of Malawi, ndipo mu 1978 kunatuluka za nyama zakutchire: K5 yasiliva ya mbidzi, K10 yasiliva ya mphalapala, ndi K250 yagolide ya nyala, mbawala ija timanyadira nayo ku Lengwe.

Nzokongola, ndisaname. Koma zonsezi ine ndinaziona pa zithunzi za pa intaneti basi. Ogulitsa ake ali ku London, ku Germany, ku America. Mitengo ili m'madola ndi m'mapaundi, ndipo nonse mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza, osanena za malipiro a mphunzitsi. Mwa anthu onse amene ndakhala nawo kuno ku Neno sindinakumanepo ndi mmodzi amene anagwirapo K10 yasiliva ya 1974. Nzomveka. K10 nthawi imeneyo inali ndalama yoti munthu wamba akaigwira mudzi wonse unkadziwa, ndiye ndani akanaitsekera m'kabokosi kuti azingoiyang'ana? Ndalama zachikumbutsozi zinapangidwira makamaka anthu osonkhanitsa a kunja. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, maiko ambiri amatero kuti apezeko kangachepe. Koma zikutanthauza kuti chikumbutso cha ufulu wathu chili m'makabati a anthu amene mwina Malawi sangamuloze pa mapu.

Ndipo malonda amenewa akapitirira amafika poseketsa. Cha m'ma 2010 kunatuluka ndalama yasiliva ya K50 yolembedwa dzina la Malawi, koma chithunzi chake ndi springbok, kambawala kodumphadumpha ka ku South Africa, Namibia ndi Botswana. Pitani ku Majete, ku Liwonde, ku Nyika, simukakapeza. Ndalama yotereyi ndi siliva chabe wovekedwa dzina lathu ngati yunifomu yobwereka. Ingakhale yonyezimira chotani, palibe chimene ingamuuze mwana wa Fomu 3 za dziko lake.

Yerekezani ndi 10 tambala yokutha ya 1971, imene mwina ili pansi pa kabati kwanu. Chaka chimenecho dziko linasiya mapaundi, masheleni ndi mapeni nkuyamba kwacha ndi tambala. Paundi imodzi inasanduka K2, kutanthauza kuti masheleni 10 ndiye K1, sheleni imodzi ndiye 10 tambala. Kuti anthu asasokonezeke, 10 tambala inatenga kukula komweko ndi chikonyo cha chimanga chomwecho cha pa sheleni, ndipo 20 tambala inatenga njovu za pa masheleni awiri. Nchifukwa chake makolo athu anapitiriza kunena kuti sheleni kwa zaka zambiri sheleni itatha. Mayi anga anamwalira akutchulabe 10 tambala kuti sheleni. Tambala uja wa pa sikisi anasamukira pa 1 tambala, ndipo mwana wochenjera akhoza kufunsa yekha kuti bwanji chizindikiro cha chipani cha Malawi Congress Party chinali pa ndalama ya dziko lonse. Funso limenelo lokha ndi phunziro lathunthu la ulamuliro wa chipani chimodzi. Ikani pambali pake ndalama ya 1995: nkhope ya Kamuzu yachoka, pabwera ya Bakili Muluzi, ndipo pa 1 tambala tambala uja wachoka, pabwera nsomba ziwiri. Pambuyo pake nkhope za atsogoleri zinachokeratu pa ndalama zachitsulo, panatsala chizindikiro cha dziko. Mu 2007 kunabwera K5 ndi K10 zolemera zija za mitundu iwiri, zong'amba matumba. Mu 2012 zinalowedwa m'malo ndi timakobiri topepuka ta K1, K5 ndi K10, timene lero ngakhale wogulitsa zitumbuwa pa geti amatiyang'ana monyinyirika.

Muziyale zonsezi pa desiki motsatana zaka, ana aona ndi maso awo zimene timavutika kuwafotokozera ndi choko. Paundi imene inali K2 mu 1971 lero yaposa K2,000. Kwacha inagwetsedwa mphamvu mu May 2012, inagwetsedwanso ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama yapepala ya K5,000 inatuluka mu 2022. Ana amene tikuphunzitsa lero sanagulepo kanthu ndi tambala chibadwire, amangolimva dzina pa wailesi akamalengeza mitengo ya mafuta. Ndinayesapo kumuonetsa mtsikana wina wa Fomu 1 ndalama ya 2 tambala ya mnzanga, ija ya kambalame ka mchira wautali, iye nkundifunsa kuti ndi ya dziko liti.

Chitini cha agogo chija chinali ndi zinanso zimene seti ya m'kabokosi singakhale nazo. Crown ija anabwera nayo amuna awo kuchokera ku Salisbury, kumene anakagwira ntchito m'nyumba ya mzungu asanapite ku migodi ya ku Joni. Pakati pa matiki panali imodzi ya ku South Africa. Ndalama za Apwitikizi, ma escudo, anawapatsa mayi wina wothawa nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980 posinthana ndi ufa. Zinali zitasiya kale kugwira ntchito, popeza dziko lija linayamba metical mu 1980, ndipo agogo ankadziwa zimenezo, koma analandira kuti mayiyo asachite manyazi kuti wapempha. Amene mumachokera cha ku Luwani, kumene kunali msasa wa othawa nkhondo, funsani kwanu, mupeza nkhani zonga imeneyi. Mbiri yonse ya boma lathu lino inali mmenemo: nkhondo, ulendo wa kukafuna ntchito kunja, chitaganya, ufulu, malire a Mozambique ali pafupipa. Bambo wa ku Blantyre uja ankafuna kuitenga pa K20,000.

Lolemba ndinaikamba nkhaniyi m'sitafu rumu, ndipo sikuti onse anagwirizana nane. Mnzanga wina wa sayansi anandiuza mosabisa kuti mbiri sadyera nsima. Anati, "Achimwene, inu mumalandira pa mwezi, ngakhale nzochepa. Agogowo denga likudontha, feteleza wakwera, mdzukulu wina akufuna fizi. Mukawauza kuti asunge chitsulo m'chitini, mvula ikagwa mudzawafolerera ndinu?" Sindinamuyankhe msanga, chifukwa akunena zoona. Nkosavuta kukonda zakale m'mimba muli kanthu. Ndipo chitini nchawo, si changa, si cha sukulu.

Nditaganizira, maganizo anga ndi awa. Zinthu za m'chitini si zofanana, ndipo ntchito yathu ife ophunzira ndi kuwathandiza eni ake kusiyanitsa. Crown ya Rhodes ilipo yambiri pa dziko lapansi, ndipo ikagulitsidwa ina yonga iyo ikhoza kupezekanso. Ngati banja lapanikizika, aigulitse, koma aigulitse akudziwa chimene akugulitsa: kulemera kwake, kuchuluka kwa siliva wake, mtengo wa tsikulo, ndipo ndalama ilandiridwe yonse pompo, osati chikole. Ndalama zina zakale nazonso zili ndi siliva. Za ku Britain zopangidwa chisanafike chaka cha 1920 pafupifupi zonse ndi siliva, magawo 92.5 pa 100, za 1920 mpaka 1946 ndi theka, ndipo kuyambira 1947 mulibemo. Ndikunena za masheleni, masikisi ndi zina zoyera, osati mapeni ofiira. Za Malawi zimene zinkayenda m'misika, kuyambira za 1964 zomwe, mulibe siliva ngakhale zikuoneka zoyera. Koma mendulo ya dzina ndi imodzi yokha pansi pano. Ikachoka pakhomo siidzabweranso. Ikapita kunja idzakhala m'kabati ya munthu amene dzinalo sangalitchule, kapena ikagwa m'manja mwa wosula mphete idzasungunulidwa, dzina ndi nambala zonse nkuthera pa moto. Imeneyo ndikanakonda isagulitsidwe. Ndipo ngati njala yafika poti palibenso kuchitira mwina, ine sindingamuloze chala munthu, koma ayambe walemba zonse za m'mphepetemo ndi kujambula chithunzi.

Mnzanga wina, wa phunziro langa lomweli, anabwera ndi mbali ina. Anati mendulo imeneyi ndi ya atsamunda, ya nkhondo imene sinali yathu. Anandikumbutsa kuti John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914 kudandaula kuti anthu akuda akukafera nkhondo ya eni, ndipo mu January 1915 anaukira. Nanga bwanji ife tizinyadira mphoto ya mfumu ya ku England? Ine ndikuti sitikusunga ponyadira mfumuyo. Tikusunga chifukwa mendulo imeneyi ndi umboni wa zimene Chilembwe ankadandaulazo. Amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 anatengedwa kukakhala atengatenga pa nkhondo imeneyo, kusenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri amene anafera m'njira sanasiye ngakhale dzina pa pepala. Ku Zomba kuli chipilala cha asilikali a K.A.R., koma ndi ana angati a kuno amene anafikako? Ngakhale ku Chichiri Museum ku Blantyre, kupita ndi kalasi yonse pa msewu wathu uno ndi nkhani ya chaka chathunthu chosonkherana. Pamene dzina limodzi lapulumuka, lili m'mudzi mwathu momwe, ndiye tilitaye chifukwa mutu wa George uli kutsogolo kwake?

Tsono chimene ndaganiza kuchita nchaching'ono. Ndagula kope lachikuto cholimba. Sindikufuna kusonkhanitsa ndalama za anthu pa sukulu, zinthu zotere zikachoka m'manja mwa eni zimamera miyendo, ndipo sindikufuna kudzayankha mlandu wa mendulo ya munthu. Mwana akabwera ndi ndalama kapena mendulo, ndi chilolezo cha makolo, tiziika pansi pa pepala nkukhwekhweza pensulo pamwamba mpaka chithunzi chituluke, mbali zonse ziwiri, monga tinkasewerera tili ana. Tizimata pepalalo m'kope, nkulemba chaka, dziko, ndi mawu onse amene alipo. Kenako mwanayo abwerere nayo kwawo tsiku lomwelo, ndi mafunso atatu okafunsa agogo: anabwera nayo ndani, anaitenga kuti, ndipo nthawi imeneyo inkagula chiyani. Funso lachitatuli ndi limene limamasula lilime la akuluakulu. Agogo aja nditawafunsa za tiki, anandiwerengera zimene ankabwera nazo kuchokera ku sitolo ya mmwenye mpaka tonse tinaseka.

Aphunzitsi anzanga a ku Lisungwi, ku Matope, ku Zalewa ndi kwina konse, ngati mungayesereko, chonde uzani ana chinthu chimodzi chisanachitike china chilichonse: asatsuke. Ndikunena ngati munthu wolapa. Ndili mnyamata ndinapatsidwa ya masheleni awiri ya 1964 imene inali isanayende kwambiri, makwinya a pa khungu la njovu akuoneka bwinobwino. Ndinaona ngati yada, ndiye ndinaikwecha ndi phulusa ndi mandimu, nkumalizira ndi mchenga wa kumtsinje. Inawala ndithu, koma njovu zinasanduka ngati mbatata ziwiri. Ndikadali nayo, ndimaionetsa ana ngati chenjezo. Anthu odziwa ndalama zakale akaona yokwechedwa amatsitsa mtengo nthawi yomweyo. Ngati ili ndi dothi, madzi ndi sopo pang'ono, nkuipukuta mofewa, basi. Muisunge pouma, payokha m'kapepala, isamakhulane ndi zinzake. Ndipo za maginito zija amanena anthu ochenjerawa, kuti ndalama ikamata ndiye kuti ili ndi mphamvu, nzabodza. Siliva samata ku maginito, mkuwa sumata. Zimene zimamata ndi zachitsulo wamba chokutidwa pamwamba, ngati matambala ambiri a zaka zam'mbuyomu, ndiye kuti zotchipitsitsa.

Kwa inu ana anga amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Joni ndi kwina, ndikudziwa kuti ena mumalandira mauthenga a pa WhatsApp a anthu ofuna makobiri oboola, ndipo ena mwandifunsapo kumbali. Yankho ndi limene mwawerengali. Mukapita kumudzi pa tchuthi, pemphani kuona chitini, khalani pansi ndi eni ake, ndipo ngati muli mendulo muyang'ane m'mphepete. Za nkhondo yachiwiri, ya amene anapita ku Burma, zambiri zinaperekedwa zopanda maina, ndiye pamenepo dzina lili m'mutu mwa agogo okha, mulilembe iwo akadalipo.

Bambo uja anaimba foni kawiri sabata yomweyo. Ulendo wachiwiri anakweza chikole kufika K35,000, nkutchulako mwa apo ndi apo kuti ngakhale "kachitsulo ka hatchi" kaja akhoza kuwathandiza kukataya. Mnyamata wanga anamuuza kuti katunduyo aphunzitsi amuona, ndipo kachitsuloko kali ndi dzina. Kuyambira tsiku limenelo nambala yake sikupezekanso. Za crown agogo akuti akuganizabe, ayamba aona kaye mmene denga lichitire ndi mvula yoyamba. Mendulo anaikulunga m'kansalu katsopano, ndipo anamuuza mdzukulu wawo kuti alembe dzinalo pa pepala ndi zilembo zikuluzikulu, momwe linalembedwera molakwikamo, ndi momwe liyenera kukhalira. Ine anandipatsa kobiri limodzi loboola, akuti ndi la mafuta a njinga.

Kope lija tiyamba nalo ndi a Fomu 3 sukulu ikatsegulira. Pa mzere wanga wa ndalama za 1971 pakusowa 2 tambala, ija ya kambalame. Amene ali nayo andibwereke, ndidzabweza.